Nkhope ya Ezelina m'bini ya zinyalala

Ku tchalitchi onse ankamutchula kuti amake Daisy, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuonapo Daisyyo. Dzina lake linali Flossie Kalekeni, kwawo ku Lizulu, kuja msewu wa tala ndiwo malire: ukagula kabichi tsidya lino uli ku Malawi, ukaoloka kukamwa madzi uli ku Mozambique. Ku Washington anafika mu 1984, atatengedwa ndi banja lina la ku ofesi ya kazembe kuti azikawalerera ana. Wakewake mwana, wa zaka zitatu, anamusiya m'manja mwa mkulu wake Ezelina, monga amachitira aliyense kwathu. Ezelina analibe mwana, ndipo mwamuna wake Ferdinand, telala wa tsidya lija la msewu, anali munthu wosadziwa kukweza mawu. Nkhondo ya ku Mozambique nthawi imeneyo inkamvekera patali, ngati mvula ya m'dera la eni.

Pangano linali la zaka ziwiri basi. Chaka chotsatira Ferdinand anasamutsira banja mkati mwenimweni mwa Mozambique, ku Furancungo, kumene anamva kuti matelala ndi osowa. Kalata yomaliza inafika mu 1986. Inkanena kuti juzi yachikasu ija Flossie analuka yafika, koma ndi yaikulu, Daisy akaivala manja sakuoneka, moti Ferdinand wachita kuipinda kawiri m'mikono n'kusoka. Flossie anaseka powerenga, pakuti anachitira dala kuti mwana akule nayo. Kuchokera pamenepo kunangoti zii. Anthu anayamba kukhamukira ku Malawi ndi mitolo pamutu, ena kulowera ku Zambia, ndipo mlongo wake Patson anapalasa njinga m'misasa ya othawa nkhondo ya ku Ntcheu ndi ku Dedza mpaka matayala kutha, osapeza ngakhale munthu woti anawaonako.

Banja la kwa kazembe lija litaitanidwa kubwerera kumudzi, Flossie anatsalira, mapepala ake ali osalongosoka. Ankadziwa kuti akangokwera ndege, chitseko chidzatsekeka kumbuyo kwake, ndiye mwana akadzapezeka adzamuphunzitsa ndi chiyani? Anapeza kachipinda ku Columbia Heights, m'nyumba yosanja yonunkha anyezi ndi mankhwala a mphemvu, ndipo ntchito anaipeza ku Arlington, kunyumba yosungirako okalamba. M'mawa uliwonse basi ya pa 16th Street, kenako sitima ya pansi pa nthaka, kenako kusambitsa, kutembenuza, kupukuta, kudyetsa. Munthu amene amapukuta nkhalamba za eni tsiku ndi tsiku sachita mseru msanga. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti chimene chinamunyansa Flossie m'chaka cha 1991 sichinali chaching'ono.

Anali ndi khalidwe limodzi limene amayi a ku tchalitchi ankamuseka nalo, koma kumbali. Mwezi wa Okutobala ukakwana, mwezi umene Daisy anabadwa, ankagwira mtsikana aliyense wa msinkhu umenewo pakhomo pa tchalitchi. "Taima apa, mama, usagwedezeke." Ankamuyeza ndi dzanja kuyambira paphewa mpaka pabondo, mwana wa eni ali kudandaula m'Chingerezi kuti akuchedwa. Loweruka lake ankagula diresi, chaka chilichonse lokulirapo, n'kukaliika m'sutikesi pansi pa bedi.

Tsiku lake linali Lolemba, mu Novembala, kukuzizira koluma makutu. Pansi pa nyumba yawo, pafupi ndi khomo, panali timabokosi ta makalata, ndipo pambali pake panali bini imene anthu ankatayamo makalata opempha ndi otsatsa malonda asanawatsegule n'komwe. Flossie akudutsa kupita ku ntchito anangoti cheu, n'kuona m'binimo muli nkhope ya munthu wakuda. Inali pa envulopu, pakati pa khoko la nthochi ndi zotsalira za ndudu, ndipo wina anali atatayirapo khofi. Anawerama, osati chifukwa anazindikira kanthu ayi, koma chifukwa nkhope ya munthu m'zinyalala inamuipira. Atapukuta khofiyo ndi chala, anaona chipsera pamwamba pa diso lakumanzere.

Chipsera chimenecho anachiika ndi iye mwini. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, akugenda mapichesi a eni kuseri kwa sukulu, mwala n'kukapeza mkulu wake. Flossie anakhala pansi pomwepo pambali pa bini, pasimenti yozizira, yunifolomu yake yoyera ili choncho. Anali Ezelina, wowonda, maso ali pansi, mutu uli mpala.

Kalatayo inali ya bungwe lina lothandiza anthu othawa nkhondo. Pansi pa chithunzi analemba m'Chingerezi kuti: Uyu ndi Maria. Njala yamuthothola tsitsi. Flossie anawerenga kawiri. Maria wa kuti? Ndipo njala ankaidziwa, anaiona ali wamng'ono. Tsitsi la njala limafiira, limapyapyala, limatsala patalipatali. Ili linali lumo, ndipo kuseri kwa khutu kunkaoneka pamene wometa anacheka pang'ono. Kwathu mayi sameta mpala wotero chifukwa cha nsabwe kapena kutentha. Amameta maliro akatha, tsiku lija achibale amasonkhana, zovala za malemu zitachapidwa n'kuyalidwa pamphasa kuti anthu agawane. M'nyumba ya Ezelina munali anthu ena awiri okha, Ferdinand ndi Daisy.

M'basi monse anapemphera, ndipo pemphero lake ndi limene linayamba kumunyansa. Ankati, Ambuye, womwalirayo akhale Ferdinand. Ferdinand amene anamusokera diresi la ulendo osalandira kanthu, amene ankanyamula Daisy pakhosi popita kumsika. Anayesa kusintha mawu, kunena kuti kufuna kwanu kuchitidwe, koma lilime linkabwerera pomwepo. Pofika ku Arlington ankadziona ngati mfiti.

Ku ntchito anakaipezanso nkhope ija. Gogo wina wa m'chipinda cha kumapeto, amene makalata otere ankamufikira mulu, anali ataika envulopu yomweyo pansi pa kapu yosungiramo mano ake ochita kupanga, kuti madzi asadetse tebulo. Flossie anaisolola mwakachetechete n'kuilowetsa m'thumba. Madzulo atabwerera anapinda mikono n'kuvundula bini ija mpaka pansi. Mayi wina wa m'chipinda choyandikana anamupenyetsetsa n'kugwira chikwama chake zolimba, koma iye analibe nazo ntchito. Anatola nkhope zonse za mkulu wake n'kukwera nazo.

Lamlungu anadikira a Mubanga panja pa tchalitchi. Amenewa anali a ku Zambia, munthu wa sukulu, wa tayi ngakhale pa Loweruka, ndipo onse ankadziwa kuti amagwira ku bungwe lomwelo, mbali yolemba makalata. Anawakokera pambali n'kuwaonetsa.

"Awa ndi achemwali anga, a Mubanga. Ndi amene ali ndi Daisy."

A Mubanga anavula magalasi. "Iye! Amake Daisy, muli sure? Aba bantu bamafanana maningi mu vithunzi."

"Chipsera ichi ndinawagenda ndine. Ndikufuna mundiuze kuti anawajambulira kuti, msasa wake uti, ndipo liti."

"Manje ine sinidziwa bwino bwino, vithunzi timagula chabe. But bwelani ku office pa Wednesday, tizakamba na ba boss. Nizayesa."

Lachitatu linali tsiku lake lopuma. Anavala diresi la ku tchalitchi n'kukwera basi mpaka kufupi ndi Massachusetts Avenue, kumene nyumba za akazembe zandanda ndi mbendera zawo. Ofesiyo inali pamwamba, yofunda bwino, ya kapeti wofewa. Chitseko chitangotseguka anakumana ndi Ezelina pakhoma, wamkulu ngati chitseko chomwecho, chipsera chokha kutalika ngati dzanja. Pansi pake anaikapo tebulo la khofi ndi madonasi, ndipo anyamata awiri a mataye ankatafuna atamufulatira, akukambirana za mpira. Flossie anawadutsa n'kupita kwa a Mubanga.

Bwanayo anali mtsikana, dzina lake Tiffany, wa mano oyera mbee ndi mtima wabwino umene sunkadziwa pothera. A Mubanga atafotokoza, anagwira pachifuwa, n'kudzuka kudzamukumbatira Flossie asanamupatse n'komwe moni. Ananena kuti zimenezi n'zodabwitsa, kuti pa zaka zonse wagwira ntchitoyi sizinachitikepo. Anaitana anzake kuti adzaone mng'ono wake wa Maria.

"Si Maria," anatero Flossie m'Chingerezi chake cha ku ntchito. "Ndi Ezelina. Dzina limeneli munalitenga kuti?"

Tiffany anafiira masaya. Anati dzinalo analisankha pa msonkhano, poti n'losavuta kutchula, komanso kuti amateteza anthu posalemba mayina awo enieni.

"Ndiye lenilenilo muli nalo?"

Analibe. Analibenso dzina la msasa, ngakhale la dziko. Chithunzicho anachigula ku kampani ina ya ku New York yogulitsa zithunzi, ndipo wojambulayo panalibe amene ankamudziwa. Pofuna kumusangalatsa, Tiffany anawonjezera kuti chaka chatha anayesa nkhope zitatu, kutumiza iliyonse ku nyumba zosiyana, ndipo ya mkulu wakeyo ndi imene anthu anaiyankha kwambiri. Anati azinyadira, pakuti Maria wadyetsa anthu ambirimbiri. Anaziyankhula ngati mlimi wa ku Lizulu akuyamikira mbewu ya mbatatesi imene yamuyanja.

Ine sindikana, ndipo Flossie naye sankakana, kuti chimanga chinkafikadi m'misasa, mabulangete ankafika, ndi mankhwala omwe. Patson anazilembapo m'kalata, kuti popanda magalimoto a mabungwe anthu akanathera kutchire. Koma Flossie ankangoganiza za munthu uja wa kamera. Anafika pamene anthu ameta kumene maliro, anaima chilili, nsapato kuphazi, anasuzumira mayi wolira kumaso, n'kudina, n'kukwera galimoto. Kwathu ngakhale woledzera akamadutsa pasiwa amatsika njinga, amavula chipewa, amanong'oneza wina kuti kodi watisiya ndani. Uyu sanafunse za womwalira, sanafunse za wamoyo, anangotenga nkhope ngati akuthyola chimanga m'munda wopanda mwini.

Tiffany anali ndi ganizo. Mu Disembala kunali nkhomaliro ya anthu opereka kwambiri, kuhotela ina ku Arlington. Bwanji Flossie adzabwere, atavala za kwawo, adzaime pafupi ndi chithunzicho n'kunena mawu pang'ono? Flossie anayang'ana a Mubanga, iwo n'kuyang'ana kapeti.

"Chithunzi ichi n'chodula," anatero Flossie, akuloza m'mphepete mwake pamene pankaoneka chigongono cha munthu wina. "Ndipezereni chonse. Zinazo tidzakamba."

Zinatenga masabata awiri. Masiku amenewo ankadya osamva kukoma, ndipo anaika mchere m'tiyi wa nkhalamba ina mpaka kuitanidwa ku ofesi. Pemphero lija silinamuchoke. Anafika pozolowerana nalo, n'kumamuika Ferdinand m'manda tsiku lililonse, m'basi, m'sitima, posambitsa anthu, n'kumamupepesa pambuyo pake.

A Mubanga anaimba foni ku ntchito Lachisanu m'mawa, mawu ali m'mwamba. "Amake Daisy, yabwela! Good news, bwelani pa lunch." Anapempha mnzake kuti amugwirire odwala ake, n'kuthamanga ndi yunifolomu yomwe. Anawapeza atayala chithunzicho patebulo lawo, akumwetulira ngati munthu wopha nyama.

"Onani apa. Si ndiye ba Ferdinand aba? Bali che bwino, na mashini yao bali nayo. So family ili safe, mwaona?"

A Mubanga anakulira ku Lusaka, m'nyumba ya magetsi, ndipo maliro a kwawo ankathera ku tchalitchi ndi kumanda. Ankaona mwamuna wamoyo ndi makina osokera, ndipo ankayesa abweretsa uthenga wabwino. Analidi Ferdinand, atakhala pachitsa kudzanja lamanja la mkazi wake, makina ake ali kumbuyo atakutidwa ndi chiguduli. Chifukwa chomudulira pachithunzi cha m'kalata chija chinali chosachita kufunsa: mwamuna wa mapewa ake ndi makina ake sapangitsa munthu wa ku Arlington kutsegula chikwama. Ferdinand nayenso mutu unali mpala, lumo lomwelo.

Flossie anatsitsa maso kumunsi, mbali inanso imene anaidula. Patsogolo pa Ezelina panali mphasa. Pamphasapo panali kamulu ka zovala zochapidwa kumene, tochepa, tating'ono, ndipo manja a amayi awiri ankaoneka akutambasula kasiketi. Pamwamba pa kamuluko panali juzi yachikasu. Mikono yake inali yopindidwa kamodzi kokha tsopano, mzere wa ulusi wa Ferdinand ukuoneka pamene anasomola. Mwana anakula nayodi, koma sanaimalize.

Anatembenuza chithunzicho. Kumbuyo kunali chidindo cha kampani ija ndi mawu olembedwa pa taipi: mayi wothawa nkhondo, kumwera kwa Africa, 1988.

Zaka zitatu. Madiresi anayi omaliza anawagulira munthu amene anali kale m'dothi, dothi lake losadziwika n'komwe kuti ndi la dziko liti.

Sanakuwe. Anawafotokozera a Mubanga pang'onopang'ono, akuloza ndi chala, mutu uwu, mutu uwu, mphasa iyi, juzi iyi ndinaluka ndine. Kumwetulira kuja kunawauma pankhope, ndipo anakhala pansi atagwira pakamwa. "Mayo ine. Sininadziwe, amake Daisy. Nikhululukileni." Tiffany analowa atamva kuti chithunzi chafika, ndipo atauzidwa analira zenizeni, misozi mpaka pachibwano. Anabweretsa madzi, anabweretsa timapepala topukutira m'maso. Kenako, akufwenthera, anati sakufuna kuti zioneke ngati akufulumira, koma nkhani imeneyi ikanakhudza anthu ambiri, mayi kuzindikira juzi ya mwana wake, ndipo ngati Flossie angalole, mwina ndi chithunzi chake atanyamula chinachi, kalata ya chaka chamawa ikanapulumutsa ana ena ngati Daisy.

Flossie anamuyang'ana kumaso. Anaona kuti mtsikanayu sakunama, akukhulupiriradi zimene akunena, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamunyansa koposa. Anayankha m'Chichewa, poti Chingerezi chinali chitamuthawa.

"A Mubanga, muwauze. Maliro a mwana wanga akhala akuwatumiza m'nyumba za anthu, anthu n'kumaikapo makapu a mano. Mwini maliro ndawamvera m'bini. Lero akufuna anditengenso ine? Muwauze kuti kwathu pamaliro timakhala pansi kaye."

A Mubanga anamasulira theka lokha, ndipo theka lakelo analithira shuga. Flossie anapinda chithunzi chathunthu chija m'kati mwa jekete n'kutuluka. Panalibe amene anamuletsa. Podutsa pakhoma paja sanayang'ane, koma fungo la madonasi linamutsatira mpaka m'chikepe, ndipo atafika panja anasanza m'ngalande, anthu a masuti akumulambalala.

Loweruka m'mawa kunabwera amake Calvin, mayi wachikulire wa ku Dedza amene ankatsogolera amayi a ku tchalitchi. Flossie anali atakankhira bedi kukhoma n'kuyala chitenje pansi. Lumo linali la mtundu uja amametera ndevu za nkhalamba ku ntchito.

"Mwatsimikiza, mwana wanga? Kunja kukuzizira, ndipo azungu anu ku ntchito adzafunsa."

"Adzafunse. Achemwali anameta okha, ine ndili kuno kugula madiresi. Metani, amayi."

Amake Calvin ananyowetsa mutu ndi madzi ofunda ndi sopo, n'kuyamba kuseri kwa khutu. Ankaimba chapansipansi nyimbo ya maliro, Flossie akuyankha, mpaka mawu anamuthera n'kuyamba kulira kwenikweni, kwa kwathu, kotchula dzina. Wa chipinda cham'munsi anagogoda denga ndi tsache. Iwo sanasiye. Atatha, anakoka sutikesi n'kuyala madiresi onse pachitenje, kuyambira kakang'ono mpaka lalikulu, onse ali ndi timapepala ta kusitolo. Panalibe chochapa, pakuti panalibe limene linavalidwapo. Amake Calvin anawanyamula kuti akagawire atsikana omwe aja ankayezedwa pakhomo pa tchalitchi. Potsanzika anati, "Tsalani bwino, amake Daisy," n'kugwira pakamwa. Flossie anati asasinthe, dzina ndi lomwelo.

Usikuwo usanafike analembera Patson kuti asiye kufunsa za banja la anthu atatu, azifunsa za telala ndi mkazi wake wa chipsera padiso.

Lolemba anatsika m'mawa, mpango uli kumutu, mphepo ikulowa pansi pake ngati madzi. Wamakalata anali atadutsa Loweruka masana, ndipo bini inali yodzaza. Bungwe lija linali litatumiza kalata ya Khirisimasi, yokongoletsedwa ndi masamba obiriwira ndi timaliboni tofiira m'mphepete. Nkhope inali yomweyo, dzina lomwelo, njala yomweyo yothothola tsitsi. Zinali zitadindidwa kalekale, ndipo panalibe amene akanaziimitsa chifukwa cha mayi mmodzi wa ku Columbia Heights.

Basi yake inadutsa panja, iye akuiona pagalasi. Anagwada, anapinda mikono ya yunifolomu, n'kuyamba kutola nkhope za mkulu wake. Ina inali ndi mafuta a nkhuku, ina chingamu chomata pachipsera penipeni. Anazipukuta imodziimodzi ndi nsonga ya mpango wake, mosamala, monga amapukutira nkhalamba zake, n'kukwera nazo kukaziika m'sutikesi muja munali madiresi.